Ndodo ya giya ndi ma paddle: dziwani bokosi lomwe dzanja lanu likulamula

Munthu akafuna kugula galimoto yothamanga kuno ku Chipata, ku Zambia, kaya ndi Altezza, Subaru Impreza, Golf GTI kapena Mark X, mafunso ake onse amathera pa injini: ndi ya malita angati, ili ndi turbo kodi, imamwa bwanji petulo. Za giya amafunsa kamodzi kokha, kuti ndi manyuwo kapena otomatiki, ndipo akaona tizitsulo tiwiri kuseri kwa chiwongolero, tija timati ma paddle, mtima umakhala m'malo kuti wapeza galimoto ya mpikisano. Ndalama zambiri zimatayikira pomwepo. Ma paddle ndi maswichi basi, ndodo ya giya nayo ndi chogwirira chabe. Chomwe chidzakudyereni ndalama ndi giyabokosi yomwe ili kumapeto kwa chogwiriracho, komanso mmene dzanja lanu limaichitira tsiku ndi tsiku. Amene sadziwa mtundu wa bokosi lomwe lili pansi pa galimoto yake amathira oyilo wolakwika, amaliyendetsa mosayenera, ndipo likayamba kuvuta amauza makaniko kuti alitsitse lonse, pomwe chinatha ndi kabushi ka pulasitiki.

Tiyambe ndi manyuwo, chifukwa amene waimvetsa iyi savutika ndi zinazo. M'galimoto zoyendera matayala akumbuyo, monga Altezza RS200, Toyota 86 ndi Mazda MX-5, giyabokosi imagona chautali pansi penipeni pa ndodo, ndipo ndodoyo imalowa m'bokosi mwachindunji kapena kudzera pa kachitsulo kakafupi. N'chifukwa chake imanjenjemera pang'ono injini ikamalira, ndipo kunjenjemera kumeneko si matenda. M'galimoto zomwe injini yake inagona chopingasa, monga Golf GTI ndi Swift Sport, bokosi lili kutali, m'mbali mwa injini, ndipo zomwe dzanja lachita zimafika kumeneko kudzera m'makebulo awiri: imodzi ya kumanzere ndi kumanja, inayo ya kutsogolo ndi kumbuyo. Subaru Impreza WRX ili ndi chitsulo chachitali chokhala ndi joini ndi mabushi. Paliponse pomwe pali joini pamatha, ndipo pakatha ndodo imayamba kugwedera.

Mkati mwa bokosi, magiya onse opita kutsogolo amakhala olumana nthawi zonse. Ndodo sikankha giya kuti ikalowe mwa inzake monga ambiri amaganizira. Imasuntha foloko, foloko imakankha mkombero wachitsulo womwe umatsetsereka pa shafuti, ndipo mkomberowo umakakola timano ting'onoting'ono ta m'mbali mwa giya yomwe mwasankha. Usanakole, pali mphete ya synchro, kawirikawiri ya bulasi, yomwe imayamba kaye kukhuza giyayo, kuifulumizitsa kapena kuichedwetsa, mpaka liwiro la mbali ziwirizi lifanane. Ntchito imeneyi sitenga ngakhale sekondi yathunthu, komabe nthawi yakeyo imaifuna. Mukamva giya ikukukuta, ndi timano tija tikukhulana chifukwa dzanja lathamanga kuposa mphete, kapena mphete yatha. Choncho kusintha kwabwino kuli ndi kupuma pakati: tulutsani ndodo, idutse pa nyutulo, ikanikizeni mofatsa pakhomo la giya yotsatira, ndipo mudzamva ikulowa ngati kuti yakokedwa. Amene amamenya ndodo ndi mphamvu sapindula liwiro lililonse loti n'kuliona pa msewu wa Katete. Amangodya bulasi.

Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, ndipo ndodo timaigwira ndi dzanja lamanzere. Koma makhalidwe a magiya sanatembenuzidwe: giya 1 ili kumanzere kutsogolo, kutali ndi inu, pomwe 5 ndi 6 zili pafupi ndi bondo lanu. M'bokosi muli sipuling'i yomwe imabweza ndodo pakati, pamzere wa 3 ndi 4, ndipo dalaivala wodziwa amaisiya sipuling'iyo igwire ntchito. Kuchoka pa 2 kupita pa 3, kankhirani kutsogolo ndi chikhatho chotsegula osakhotetsa. Kuchoka pa 3 kupita pa 4, kokerani kumbuyo ndi zala, molunjika. Kupita pa 5, kokerani kaye kwa inu mpaka ndodo ifike pakhoma, kenako kutsogolo. Kuchoka pa 5 kupita pa 6 musailekerere, ipitirizeni kuikokera kwa inu, apo ayi sipuling'i idzaigwetsera pa 4. Ndipo potsika kuchoka pa 5 kupita pa 4, itulutseni, itayeni pang'ono ibwerere yokha pakati, ndiye muikokere kumbuyo.

Kusintha komalizaku ndi komwe kumapha injini. Tiyerekeze kuti mukutsatira thiraki pakati pa Sinda ndi Petauke, mpata wapezeka, mukufuna kutsika kuchoka pa 5 kupita pa 4 kuti mudutse. Mwafumbatira mutu wa ndodo ndi nkhonya, mwaikankhira kutali ndi inu mopitirira, yalumpha mzere wapakati n'kukalowa pa 2. Onani masamu ake pa Toyota 86, yomwe magiya ake ali motere: 1 ndi 3.626, 2 ndi 2.188, 3 ndi 1.541, 4 ndi 1.213, 5 ndi 1.000, ndipo 6 ndi 0.767. Ngati injini inali pa 4,000 rpm (kuzungulira kwake pa mphindi imodzi) mu giya 5, giya 4 ikanaikweza kufika pafupifupi 4,850 rpm, zomwe ndi zabwinobwino. Giya 2 imaikokera ku 8,750 rpm, pomwe mzere wofiira, womwe ndi malire a injiniyi, uli pa 7,400. Ena amadalira kuti kompyuta idzadula petulo. Idzadula ndithu, koma sizithandiza, chifukwa pamenepa si petulo amene akuzunguza injini, ndi matayala. Mavavu amalephera kutseka pa nthawi yake, pisitoni imawapeza ali panjira n'kuwapinda. Pa galimoto yoyendera matayala akumbuyo, matayalawo amathanso kukwekwereza ndipo mchira umapita cham'mbali. Chitetezo chake ndi chizolowezi chimodzi: potsika giya pa liwiro lalikulu musataye kilachi kamodzinkamodzi. Itulutseni pang'onopang'ono khutu lili pa injini, ndipo ikangoyamba kukuwa mosayembekezereka, pondaninso kilachi nthawi yomweyo.

Masamu omwewa ndi amene amakuuzani kuchuluka kwa moto wofunika potsika giya. Pa 86 yemweyo, mukakhala pa 3,000 rpm mu giya 4, giya 3 idzafuna pafupifupi 3,800. Mukakhala pa 3,000 mu giya 3, giya 2 idzafuna pafupifupi 4,250. Mukangotaya kilachi osapatsa moto, kusiyana konseko kumamezedwa ndi mbale ya kilachi, galimoto imadumpha ndipo okwera amagwedeza mitu. Njira yake ndi iyi: pondani kilachi, sunthani ndodo, gogodani pedulo ya moto mwachidule kuti singano ya rpm ikwere kufika pomwe giya yatsopano ikufuna, tulutsani kilachi singano isanatsike. Oyendetsa pa mpikisano amachita zimenezi akuponda buleki nthawi yomweyo: mbali ya chala chachikulu cha phazi lamanja imakhala pa buleki, m'mphepete mwa phazi kapena chidendene chimagogoda moto. Phunzirirani pa msewu wopanda anthu ndi njinga, mutavala nsapato ya pansi popyapyala, ndipo phazi likasokonezeka, buleki ndiye ikhale yoyamba. Nissan 370Z ya 2009 inabwera ndi kachipangizo kotchedwa SynchroRev Match kochita zimenezi pakokha, ndipo opanga ena anatengera.

Pali kanthu kena komwe ngakhale madalaivala aluso amasokoneza. Kupatsa moto kilachi ili yopondedwa kumapulumutsa kilachi ndi kukhazikika kwa galimoto, koma sikupeputsa ntchito ya synchro, chifukwa injini ndi bokosi ndi zolekana pa nthawiyo. Chomwe chimathandiza synchro ndi kuponda kilachi kawiri, kuja amachita madalaivala a malole akale: pondani, tulutsani pa nyutulo, tayani kilachi, patsani moto, pondaninso, lowetsani giya. Galimoto yabwinobwino sifuna zimenezi, koma yomwe mphete yake yayamba kutha imayenda nazo miyezi yambiri mukusonkhanitsa ndalama.

Giya ikayamba kuvuta

Musanalole munthu kugwira sipanala, chitani mayeso awa nokha, ndi aulere. Zimitsani injini, pondani kilachi, lowetsani magiya onse limodzi ndi livesi. Kenako lizani injini n'kubwereza. Ngati amalowa bwino injini ili chete koma amakana ikamalira, bokosi lilibe mlandu: kilachi siikulekanitsa mokwanira. Yang'anani mafuta a kilachi m'kabotolo kake, omwe amakhala DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zolembedwa pa chivindikiro. Pa galimoto zambiri za ku Japan kabotoloka kamakhala pakokha, pomwe pa Volkswagen kilachi imamwera m'botolo la mabuleki. Yang'anani kunyowa kuseri kwa pedulo, komwe master cylinder, kapampu ka kilachi, imadonthera mkati, ndi pa slave cylinder, yomwe imakankha kilachi, m'mbali mwa bokosi. Ngati kupopa pedulo katatu kumachititsa giya kulowa, muli mpweya kapena marabala atha. Mafuta amenewa amamwa chinyontho, ndipo akuyenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, koma ndi angati amatero?

Ngati ndodo ndi yolimba kapena yosochera ngakhale injini ili chete, yambirani panja pa bokosi. Lowetsani giya 3, gwedezani ndodo kumanzere ndi kumanja. Ikamayenda kwambiri ngati kuti ili pa nyutulo, mabushi atha. Fumbi la miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limalowa pomwe rabala yotchinga yang'ambika, limasakanikirana ndi girisi n'kusanduka chokhulira. Pa galimoto ya makebulo, tsegulani boneti, wina azisuntha ndodo inu mukuyang'ana nsonga za makebulo pamwamba pa bokosi. Nsonga ikamayenda kaye chitsulo cha bokosi chisanasunthe, mwalipeza vuto, ndipo ndi ntchito ya ola limodzi.

Ngati ikukukuta giya imodzi yokha, makamaka 2 kapena 3, ndipo kuponda kilachi kawiri kumathetsa phokosolo, ndi mphete ya synchro. Apa ndiye bokosi litsike. Livesi yokha ikamakukuta musachite mantha msanga: mabokosi ambiri alibe synchro pa livesi, choncho pondani kilachi, dikirani masekondi awiri kapena atatu kuti shafuti iime, kapena lowetsani kaye giya yopita kutsogolo ndiye mupite pa livesi. Giya yomwe imadumpha yokha kubwerera pa nyutulo mukachotsa phazi pa moto imaloza ku timano tomwe tatha, foloko yodyeka, kapena ma mounting a injini ndi bokosi omwe aduka. Yambani ndi ma mounting, chifukwa maenje ndi mahampu amawamaliza msanga ndipo ndi otchipa kuyerekeza ndi kutsegula bokosi. Za foloko yodyeka, wolakwa nthawi zambiri ndi dzanja lomwe limagona pa ndodo ulendo wonse wa ku Lusaka, makilomita oposa 500, likukanikiza foloko pa mkombero womwe ukuzungulira. Dzanja likasintha giya libwerere pa chiwongolero.

Nkhani ya oyilo ndi yomwe imandiwawa kwambiri, chifukwa mabokosi abwino amafa ndi munthu amene ankafuna kuwasamalira. Pa botolo pamalembedwa GL-4 kapena GL-5, ndipo ambiri amaganiza kuti 5 iposa 4. Si choncho ayi. GL-5 anapangira difu, chigawo chogawira mphamvu ku matayala, ali ndi mankhwala ambiri a salifa ndi fosiforasi oteteza mano opanikizana kwambiri, ndipo m'bokosi lomwe linapangidwira GL-4 amatha kutereretsa mphete ya synchro mpaka kulephera kugwira, ena amadyanso bulasi. MX-5 imafuna GL-4 wa 75W-90 m'bokosi. Koma Subaru Impreza imafuna GL-5 wa 75W-90, chifukwa difu yake yakutsogolo ili mkati mwa bokosi lomwelo ndipo zimamwera pamodzi: pafupifupi malita 3.5 pa bokosi la magiya 5, ndi 4.1 pa la magiya 6 la STI. Mukaithira GL-4 Subaru, giya idzalowa mokoma difu ikutha. Posintha, masulani kaye pulagi yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kukhuthula bokosi lomwe simungathe kulidzazanso. Yang'anani oyilo wakale padzuwa. Tizitsulo tofewa ngati phulusa pa maginito a pulagi ndi zachizolowezi, kunyezimira kwa golide ndi bulasi wa synchro, tizidutswa tomveka ku zala ndi mano. Akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, zomwe zimachitika bokosi lotentha likamizidwa m'chithaphwi chakuya nthawi ya dzinja n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira.

Anyamata ambiri amakonda kuikitsa short shifter. Chomwe imachita ndi kusuntha malo omwe ndodo imapendamira, kotero dzanja limayenda pang'ono koma limafuna mphamvu zambiri. Sifulumizitsa synchro. Pa bokosi la thanzi imakoma, pa bokosi lotopa imangofulumizitsa kukukuta. Sinthani kaye mabushi ndi oyilo, mwina mudzapeza kuti ndodo yomwe munali nayo inali yokwanira.

Kuseri kwa ma paddle

Dziko lathu lili ndi mbiri pa mpikisano wa rally. Satwant Singh anatenga ukatswiri wa Africa kasanu ndi katatu, ndipo Muna Singh anautenga mu 2004 ndi 2005. Amene anaonerapo galimoto za rally zamasiku ano, monga Škoda Fabia ndi Ford Fiesta za gulu la Rally2, anaona ndodo yaitali pafupi ndi chiwongolero yomwe imangopita kutsogolo ndi kumbuyo. Limenelo ndi bokosi la sequential lenileni, la magiya 5. Limagwira ntchito ngati giya ya njinga yamoto: muli ng'oma yachitsulo ya mizere yomwe imatembenuka pang'ono ndodo ikakokedwa, n'kusuntha mafoloko motsatana, ndipo simungalumphe giya. Mulibe synchro, muli mano akuluakulu okolana mwamphamvu, ndipo bokosi lotere limatsegulidwa pafupipafupi. Galimoto yomwe mwaitanitsa ku Japan ilibe zimenezi, ngakhale pa ndodo yake patalembedwa + ndi -.

Ma paddle anayambira mu Formula One. Ferrari 640 ya 1989, yomwe anaikonza John Barnard, ndiyo inayamba kusintha giya ndi zala, ndipo Nigel Mansell anapambana nayo mpikisano woyamba wa galimotoyo ku Brazil chaka chomwecho. Mu 1997 Ferrari inaika njira imeneyi pa galimoto ya pamsewu, F355 F1. Porsche inali itabweretsa kale Tiptronic pa 911 ya 1990, ndipo Volkswagen inatulutsa DSG pa Golf R32 mu 2003. Mayina atatuwa, F1, Tiptronic ndi DSG, ndi mabokosi atatu osiyana kotheratu, ndipo lachinayi, CVT, ndilo lafala kwambiri pa galimoto zobwera kuno.

Otomatiki wamba, wa torque converter, ndi amene ali mu Mark X ndi mu Altezza ya otomatiki. Mphamvu imadutsa m'mafuta, ndipo ndi bokosi lopirira kwambiri pa misewu yathu malinga ngati mafuta ake sakupsa. CVT, yomwe ili mu Honda Fit RS ndi Subaru zambiri zatsopano, ilibe magiya n'komwe: ili ndi lamba kapena tcheni chachitsulo pakati pa mapule awiri osintha kukula, ndipo magiya omwe mumaona pa dashibodi ndi malo omwe kompyuta inasankha kuimapo. Amathandiza potsika phiri, koma kunyamuka mwaukali mobwerezabwereza kumakanda mapule, ndipo ATF, mafuta a otomatiki wamba, akalowamo lamba amaterera. Bokosi la kilachi imodzi loyendetsedwa ndi pampu, monga SMG ya BMW M3 E46, ndi manyuwo yomwe phazi lake ndi la makina. Limadumpha posintha ngati simupeputsa moto, ndipo pampu yake ikafooka galimoto imakana giya. La makilachi awiri, DSG ya Volkswagen, PDK ya Porsche, SST ya Lancer Evolution X ndi la Nissan GT-R, lili ngati mabokosi awiri m'chikombole chimodzi: kilachi ina imagwira 1, 3 ndi 5, inayo 2, 4 ndi 6. Mukamayenda pa 3, giya 4 imakhala italowa kale ikudikira, n'chifukwa chake kusintha kwake kumakhala kwa mphezi. N'chifukwa chakenso nthawi zina limazengereza mukafika pa hampu: linakonzekera kukwera, inu mwapempha kutsika.

Pa DSG pali mitundu iwiri yofala yomwe wogula akuyenera kuisiyanitsa. DQ250 ya magiya 6, ya mu Golf 5 ndi Golf 6 GTI, makilachi ake amasamba m'mafuta. Mafutawo ndi fyuluta zimasinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse, amalowa malita oposa 5, ndipo mulingo wake umayezedwa mafuta ali pakati pa 35 ndi 45 °C, kutanthauza kuti pafunika kompyuta yowerenga kutentha, osati kungokhudza ndi dzanja. DQ200 ya magiya 7, ya mu Polo GTI ya 1.4 ndi ma Golf a injini zazing'ono, makilachi ake ndi ouma ndipo inapangidwira mphamvu yosapitirira 250 Nm. Imeneyi imadana ndi kukwawa. Mukalowa mumpanipani wa pa msika wa Kapata, njinga mbali zonse, musamayende phazi lili theka pa buleki, chifukwa pamenepo kilachi ikuterera ndi kutentha. Imani zenizeni, siyani mpata utseguke, nyamukani zenizeni. Pa chikweza gwirani galimoto ndi buleki, osati ndi moto. Zizindikiro zake ikadwala ndi kunjenjemera ponyamuka, zilembo za PRNDS kuphethira pa dashibodi, ndi kugwera pa nyutulo yokha. Nthawi zambiri wolakwa ndi mechatronic, chigawo cha kompyuta ndi mavavu chomwe chimasuntha mafoloko, ndipo ikakonzedwa kapena kilachi ikasinthidwa pamafunika kuiphunzitsanso ndi kompyuta. Ikakufera panjira, malire oikoka ndi chingwe ndi makilomita 50 pa liwiro losapitirira 50 km/h. Kuchoka ku Katete kufika ku Chipata ndi kupitirira pamenepo, choncho inyamulidwe pa lole.

Kagwiritsidwe ntchito kake kali ndi misampha ingapo. Paddle ya kumanja imakweza, ya kumanzere imatsitsa, ndipo apa opanga ambiri amagwirizana. Pa ndodo sagwirizana. Toyota ndi Volkswagen amakweza mukakankhira kutsogolo, pomwe BMW ndi Mazda amakweza mukakokera kumbuyo monga pa rally, poti galimoto ikamathamanga thupi limakokedwera kumbuyo. Amene amasinthanasinthana galimoto ayese kaye pa liwiro lochepa. Ferrari inamangirira ma paddle ake pa chitsulo chogwira chiwongolero kotero sazungulira, pomwe pa Golf amazungulira ndi chiwongolero, ndipo mukakhota kwambiri, monga potembenuka pa malo opapatiza, ya kumanja imapezeka ili kumanzere. Pamenepo gwiritsani ntchito ndodo. Msampha wina ndi wa Toyota. Mukakankhira ndodo ya Mark X pa S, nambala yomwe imaoneka si giya yomwe mulimo, ndi denga: 4 ikutanthauza kuti bokosi lizisankha lokha pakati pa 1 ndi 4. Ambiri amadandaula kuti galimoto sikumvera, pomwe ikuchita zomwe inapangidwira. Ndipo mukapempha giya yotsika yomwe ingapitirize injini pa mzere wofiira, kompyuta imakana, Toyota imalira kawiri. Apa otomatiki imaposa manyuwo ndithu, chifukwa ngozi ya 5 kupita pa 2 ija singachitike.

Pomwe ma paddle ali ndi phindu lenileni kwa ife si pothamanga, koma potsika mapiri. Zitsetse za ku Manenekela ndi zolowera ku mlatho wa Luangwa ndi zazitali, ndipo mu Okutobala chigwa chimenecho chimatentha kwambiri. Amene amatsika ali pa D phazi lili pa buleki njira yonse amawiritsa mafuta a mabuleki, pedulo n'kufewa pomwe akuifunitsitsa. Sankhani giya musanayambe kutsika, yomwe imasunga injini pakati pa 3,000 ndi 4,000 rpm, ndipo buleki muziiponda mwamphamvu kwakanthawi n'kuisiya ipume. Dziwani kuti mukagwira paddle ndodo ili pa D, galimoto zambiri zimakumverani kwa masekondi ochepa kenako zimabwerera ku otomatiki, mwina pakati pa khona. Kuti giya ikhazikike, sunthirani ndodo pa M kapena S. Za kutsika phiri pa nyutulo pofuna kusunga petulo, siyani. Injini zamakono zimadula petulo zokha mukachotsa phazi pa moto giya ili mkati, choncho nyutulo imamwa kuposa, ndipo mumataya buleki ya injini.

Ma paddle akasiya kugwira, vuto silikhala m'bokosi kawirikawiri. Omwe amazungulira ndi chiwongolero amatumiza magetsi kudzera mu clock spring, lamba wopyapyala wa mawaya wokulungidwa kuseri kwa chiwongolero, momwemonso mumadutsa huta ndi airbag. Ngati huta ikulira mwa apo ndi apo, mabatani a wailesi afa kapena nyali ya airbag yayaka, ndi lamba ameneyo. Amaduka kawirikawiri pambuyo pa ntchito ya rack, chitsulo chokhotetsa matayala, pomwe wina wazunguza chiwongolero chili chomasuka n'kuchimanga lamba atachoka pakati. Musanachotse airbag, masulani waya wa negetivi pa batire ndipo dikirani masekondi osachepera 90. Ndodo ikakana kuchoka pa P, yang'anani kaye nyali za buleki kumbuyo. Zikakhala zosayaka, ndi swichi ya pa pedulo kapena fyuzi, chifukwa loko wa ndodo amatsegulidwa ndi chizindikiro chochokera pa swichi imeneyo. Pafupi ndi ndodo pali batani kapena kachivindikiro kolembedwa Shift Lock, dinani mukuponda buleki ndipo ndodo idzasuntha kuti mukafike ku galaja. Galimoto ikamalira pa N koma osalira pa P, kebulo yatayirira kapena inhibitor switch ya m'mbali mwa bokosi yasuntha.

Pogula, pemphani kuiyesa m'mawa injini ili yozizira, chifukwa oyilo wotentha amabisa synchro yotha. Pa manyuwo, tsikani kuchoka pa 3 kupita pa 2 pa liwiro la 40 km/h, kenako kwerani kuchoka pa 2 kupita pa 3 injini ili pamwamba, ndipo mu giya iliyonse patsani moto n'kuuchotsa mwadzidzidzi mukuyang'ana ngati ndodo ikufuna kutuluka. Kuti muyese kilachi, lowetsani giya 4 pa liwiro lochepa n'kuponda moto wonse: singano ikakwera liwiro osakwera nayo, mbale yatha. Pa DSG chitani mosiyana, iyendetseni mphindi 20 itenthe bwino, ndiye muiyese kunyamuka pang'onopang'ono pa chikweza ndi kubwerera m'mbuyo, poti kunjenjemera kwake kumaoneka ikatentha. Werengani nambala ya bokosi pa mbale ya galimoto kapena pa bokosi lenilenilo musanapereke ndalama, ndipo funsani pepala losonyeza kuti mafuta ake anasinthidwa liti. Pepala likasowa, chotsani mtengo wa mafuta ndi fyuluta pa zomwe mukulipira, ndipo musinthe sabata yomweyo musanapite nayo ulendo wautali.